Pulogalamu yoyendetsera nyumba za lendi kuno ku Joni: ya munthu wa zitseko zochepa ndi iti?

aNabanda_Turf

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumazidziwa bwino za nyumba za lendi. Ku Turffontein kuli nyumba yaikulu imodzi ndi zipinda 6 kuseri kwake, ndipo ku Berea kuli fulati imodzi ya mu buloko ya body corporate (bungwe la eni mafulati a mu bulokomo). Zonse pamodzi ndi zitseko 8. Chipinda chilichonse lendi yake ndi R2,300. Pakadali pano zonse zimalembedwa m'buku la hadikava, zina zili pa WhatsApp.

Matenanti amalipira mosiyanasiyana. Ena pa EFT (kutumiza kuchokera mu akaunti ya banki), ena amaponya kashi pa ATM, ena amawalipirira abale awo, ena theka pa 1 theka pa 15. Bili ya madzi ndi magetsi imabwera imodzi ya puloti yonse. Pa intaneti ndikuona maina ngati Buildium, TenantCloud, PayProp ndi TPN. Kodi yoyenera zitseko 8 ndi iti? Nanga ndiyang'ane chiyani ndisanayambe kulipira mwezi ndi mwezi?

aChisale_Malvern

Mayi, musanafike pa dzina la pulogalamu yambani ndi banki, chifukwa chisokonezo chanu chili pamenepo. Tsegulani akaunti ya lendi yokha, yosagulira ndiwo, yosalipirira fizi ya ana. Kenako chitseko chilichonse chipatseni reference yake yosasintha: TURF01 mpaka TURF07, fulati ija BER01. Ilembeni mu mgwirizano wa lendi komanso pa kapepala komata kuseri kwa chitseko. Ikhale ya chitseko osati ya munthu. Munthu akamalemba dzina lake, lero alemba "Mada", mawa "Madalitso", mwezi wamawa ndalama ibwera ndi dzina la mlamu wake. Palibe pulogalamu padziko pano imene ingadziwe kuti R800 yoponyedwa pa ATM yolembedwa "rent" ndi ya ndani.

Pa maina mwatchulawo, Buildium ndi TenantCloud, komanso AppFolio, anawapangira msika wa ku America. Kutolera lendi kwawo kumadutsa pa ACH, njira ya mabanki a kumeneko, ndipo kufufuza tenanti kumafuna Social Security Number, nambala yodziwira munthu kumeneko. Kuno zonse ziwirizi sizigwira. Mukhala mukulipira mu madola chinthu chimene theka lake ndi lotseka, ndipo randi ikagwa mtengo wanu ukwera. Samalaninso madeti: kwa iwo 03/04 ndi 4 Malichi, kwa ife ndi 3 Epulo.

PayProp ndi WeconnectU ndi akonkuno ndipo ndi amphamvu, koma anawapangira maejenti amene amasunga ndalama za anthu ena mu trust account, akaunti yapadera yosungira ndalama za eni ake. Pa zitseko 8 zanu zomwe kuli ngati kugula thirakitala yolimira dimba. TPN ndiyo ili pafupi ndi msinkhu wanu. Iwo kwenikweni ndi credit bureau ya matenanti (osunga mbiri ya kalipiridwe ka anthu), amalandira eni nyumba wamba, ndipo ali ndi RentBook yotumizira mainvoisi ndi kulemba zolipidwa. Ubwino wake ndi woti kalipiridwe ka munthu kamalowa mu mbiri yake. Wolipira bwino zimamuthandiza akamakafuna nyumba kwina, wozemba amadziwa kuti dzina lake likuda.

Ine maganizo anga, zitseko zosapitirira 10 zikhoza kuyenda bwinobwino ndi Excel kapena Google Sheets, bola ikonzedwe ngati leja. Mizere yotsika ikhale: tsiku, chitseko, dzina, mtundu wa ndalama, yofunika kulipidwa, yolipidwa, yotsala, njira yolipirira, nambala ya lisiti. Chochitika chilichonse mzere wake watsopano. Osafufuta, osalemba pamwamba pa zakale. Mukalakwitsa lembani mzere wobweza ndi chifukwa chake. Anthu ambiri amapanga bokosi limodzi pa mwezi n'kumaikamo chongi, ndiye tenanti akalipira katatu m'mwezi umodzi mbiri yonse yasokonekera.

Mukasankha pulogalamu yolipira, pa nthawi ya kuyesa kwaulere ija musaiyese ndi mwezi wabwino. Ipatseni mwezi woipa. Lowetsani izi: TURF03 ali ndi ngongole ya R600 ya mwezi watha. Pa 3 walipira R1,500. Pa 17 pabwera R500 ya pa ATM yopanda reference. Pa 25 mchimwene wake watumiza R300. Ndiye onani ngati ikuchotsa kaye ngongole yakale, ngati R500 ija ikutha kuisunga pambali mpaka mwini wake adziwike, komanso, R500 ija ikadziwika kuti ndi yake, ngati sitetimenti yake ikuonetsa kuti watsala ndi R600 m'njira yoti tenanti akawerenga pa foni amve yekha. Yesaninso munthu wolowa pa 12, muone ngati ikuwerengetsa masiku otsala okha. Pomaliza tsitsani sitetimenti ya banki yanu ya CSV (fayilo yotseguka mu Excel) n'kuilowetsa. Ikaikana, ndiye kuti mzere uliwonse muzilemba pamanja, ndipo simunasiyane ndi hadikava uja.

Mtengo muziuwerengera pa chitseko. Tiyerekeze akuti R400 pamwezi: pa zitseko 8 ndi R50 chitseko chimodzi, R4,800 pachaka, lendi ya chipinda chimodzi ya miyezi iwiri ndi kanthu.

Chinanso, kachithunzi ka proof of payment ka pa WhatsApp si ndalama. Timeneti amatikonza pa foni. Lisiti lizituluka ndalama ikaoneka mu akaunti basi.

aNgozo_wa_malamulo

Achimwene aChisale anena zoona pa za banki, koma pa za Excel ndisiyana nawo pang'ono. Excel imawerengera bwino, koma siikukumbutsani tsiku, ndipo eni nyumba ambiri amagwa pa Gauteng Rental Housing Tribunal, bwalo lomva milandu ya eni nyumba ndi matenanti, chifukwa cha masiku ndi mapepala, osati chifukwa cha masamu. Kukasuma ku Tribunal n'kwaulere, choncho tenanti aliyense akhoza kupitako.

Lamulo lake ndi Rental Housing Act ya 1999. Pulogalamu iliyonse muiyeze ndi zimene lamuloli likufuna.

Lisiti ndi lokakamiza pa ndalama iliyonse yomwe mwalandira. Likhale ndi tsiku, adiresi ya nyumbayo, ndalamayo ngati ndi ya lendi, ya ngongole yakale kapena dipoziti, ndi mwezi umene ikulipirira. Pulogalamu yotulutsa kalisiti kongoti "mwalandira R1,500" sikukwanira.

Dipoziti ndi pamene ambiri amapsa. Iyenera kukhala ku banki mu akaunti yopanga chiwongoladzanja, chosachepera cha akaunti ya savings, ndipo chiwongoladzanjacho ndi cha tenanti. Akhoza kukufunsani umboni wolembedwa nthawi ina iliyonse. Ndiye pulogalamuyo izisunga dipoziti payokha ngati ngongole yanu kwa munthuyo, osaiphatikiza ndi lendi. Ngati madipoziti onse 8 ali mu akaunti imodzi, izitha kugawa chiwongoladzanja malinga ndi kuchuluka kwa ndalama ya aliyense ndi tsiku limene analowa. 

Kuyendera nyumba: tenanti asanalowe mumayendera limodzi, zowonongeka zilembedwe n'kumatidwa ku mgwirizano wa lendi. Potuluka mumayenderanso limodzi mkati mwa masiku 3 mgwirizano usanathe. Mukapanda kuyendera, lamulo limatenga ngati mwavomereza kuti nyumba ili bwino, ndipo dipoziti yonse ibwerera ndi chiwongoladzanja chake ngakhale chitseko chitathyoka. Kubweza kwake kuli motere: ngati palibe chochotsa, masiku 7 mgwirizano utatha. Ngati pali zokonza, masiku 14 kuchokera pamene nyumba yabwerera m'manja mwanu, ndipo malisiti a zokonzazo tenanti ali ndi ufulu wowaona. Ngati tenanti sanabwere pa kuyendera mutamuitana, mumayendera nokha mkati mwa masiku 7 n'kubweza zotsala pasanathe masiku 21, zonsezi kuwerengera pamene mgwirizano unatha.

Apa ndi pamene apu ya pa foni imaposa Excel. Mukufuna yotenga zithunzi chipinda ndi chipinda, yoika tsiku yokha, yolola nonse awiri kusaina pa foni pomwepo, n'kutulutsa PDF imodzi. Jambulani pafupi: loko, magalasi a zenera, soketi, pansi pa sinki, chivundikiro cha chimbudzi, ndi manambala a pa mita. Zithunzi zongosiyidwa pa WhatsApp zimachepetsedwa mpaka mng'alu wa pa thailosi suoneka, ndipo foni ikabedwa zapita. Yesaninso ngati apuyo imagwira popanda netiweki, chifukwa zipinda zina za kuseri netiweki imavuta.

Pali lamulo linanso, Consumer Protection Act ya 2008, gawo 14, limene limakhudza mgwirizano wa nthawi yoikika ngati kuchititsa lendi ndi ntchito yanu ya nthawi zonse. Tenanti akhoza kuthetsa mgwirizano popereka notisi ya masiku 20 a ntchito. Inu muyenera kumulembera kumudziwitsa za kutha kwa mgwirizano pakati pa masiku 80 ndi 40 a ntchito tsikulo lisanafike. Mgwirizano wotha pa 30 Novembala, kalata yake ituluke pakati pa chiyambi cha Ogasiti ndi chiyambi cha Okutobala. Akalephera kulipira, mumamupatsa kalata ndi masiku 20 a ntchito oti akonze musanathetse. Masiku a ntchito, mayi, osati a pa kalendala: Loweruka, Lamlungu ndi maholide ngati 24 Seputembala sawerengedwa. Funsani ogulitsa pulogalamuwo ngati imadziwa maholide a South Africa.

Ndipo pulogalamu ikalemba mofiira kuti munthu ali ndi ngongole, sikuti yakupatsani mphamvu yosintha loko kapena kudula magetsi. Kutulutsa munthu m'nyumba kumafuna chigamulo cha khoti, malinga ndi PIE Act ya 1998. Chimene pulogalamu ingakuchitireni ndi kukupatsani sitetimenti yoyera ndi makalata onse motsatana madeti, zoti loya kapena Tribunal ayambirepo.

Mjomba_wa_mamita

Nonse mwakamba za lendi, koma pa puloti ya zipinda 6 ndalama imathera ku masipala, khonsolo ya mzinda. Akaunti ya City of Johannesburg ili m'dzina la mwini nyumba. Matenanti alipire asalipire, ngongole ya City Power (magetsi), Johannesburg Water (madzi) ndi Pikitup (zinyalala) ndi yanu.

Magetsi musawalowetse n'komwe mu pulogalamu ya lendi. Ikani mita ya prepaid chipinda chilichonse, ija ya tokeni ya manambala 20. Makampani ngati Citiq Prepaid amatolera ndalama za mayunitsi n'kukutumizirani pamwezi atachotsa yawo, inu n'kukalipira masipala. Woika akhale wamagetsi wolembetsedwa wopereka CoC (chikalata chotsimikiza kuti mawaya ali bwino), osati wongodziwa kulumikiza mawaya.

Zimene zimalakwika ndi ziwiri. Choyamba, mtengo wa magetsi umakwera m'masitepe malinga ndi kuchuluka kwa mayunitsi. Mita yaikulu imaona zipinda zonse ngati nyumba imodzi, ndiye imafika msanga pa sitepe yodula, pamene timamita ta m'zipinda tikugulitsa pa mtengo wa sitepe yoyamba. Kusiyana kwakeko kumatuluka m'thumba mwanu. Mitengo ya masipala imasintha pa 1 Julayi chaka chilichonse, ya Eskom pa 1 Epulo kwa amene amalandira magetsi mwachindunji kwa iwo ngati ku Soweto. Mukaiwala kuuza a kampani ya mamita kuti asinthe, mugulitsa motsika mpaka mudzazindikire. Kukweza kuti mupezepo phindu ayi, sizololedwa. Cholinga ndi kubweza zomwe mwalipira.

Chachiwiri, giza (thanki yotenthetsa madzi) ya bafa la onse ndi magetsi a panja sizikhala pa mita ya munthu aliyense. Tsiku limodzi lokhazikika pamwezi werengani mita yaikulu, chotsani mayunitsi a timamita tonse. Chotsalacho ndi cha onse. Chikakwera mwadzidzidzi, mwina thermostat ya giza yafa, mwina wina walumikiza waya modumpha mita yake.

Madzi ndiye afunika malo mu pulogalamu. Pezani yolola ndalama yosinthasintha mwezi ndi mwezi pa invoisi, yogawa pa mutu wa munthu. Bili ya R1,860 pa anthu 12 ndi R155 aliyense, chipinda cha anthu atatu R465. Njira yogawirayi ilembedwe mu mgwirizano, ndipo bili ya masipala izimatidwa ku invoisi kuti aliyense aione ndi maso ake. Onaninso ngati biliyo ndi ya kuwerenga kwenikweni kapena yongoyerekeza. Ikakhala yoyerekeza miyezi ingapo, tsiku lina imabwera yaikulu yokonza zakale, anthu amene anagwiritsa ntchito madziwo atasamuka kale. Jambulani mita ya madzi mwezi uliwonse. Usiku umodzi tsekani mipopi yonse, werengani musanagone ndi m'mawa. Ikayenda, penapake pakudontha, ndipo kawirikawiri ndi thanki ya chimbudzi.

aNabanda_Turf

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Mafunso awiri ena. Matenanti ambiri ndi akwathu, ena aku Zimbabwe ndi Mozambique, alibe ID ya kuno. Kodi mapulogalamuwa amalandira pasipoti? Komanso achimwene anga akubwerera ku Lilongwe, akufuna ndiziwayang'anira nyumba yawo ya ku Rosettenville azindipatsa kangachepe pamwezi. Ndingoiphatikiza momwemo?

aNgozo_wa_malamulo

Za pasipoti yesani tsiku loyamba. Mapulogalamu ena akonkuno bokosi lawo limafuna manambala 13 a ID ya South Africa, ukalemba nambala ya pasipoti yokhala ndi zilembo limakana. Anthu ena amangopeka manambala kuti fomu idutse. Musatero, chifukwa mgwirizano ndi makalata onse zituluka ndi nambala yabodza, ndipo ku khoti muyamba ndi kufotokoza zimenezo. Mukufuna malo a pasipoti, dziko, mtundu wa permit ndi tsiku lake lothera, ndi chikumbutso tsikulo likamayandikira. Immigration Act ya 2002, gawo 42, imaletsa kuchititsa lendi munthu amene alibe chilolezo chokhala m'dziko muno, choncho tsiku limeneli si lokongoletsa fomu.

Dziwaninso kuti munthu wa pasipoti kawirikawiri credit bureau imabweza zochepa kapena osabweza kanthu. Kusowa mbiri sikutanthauza kuti ndi wozemba. Pemphani masitetimenti a banki a miyezi 3 kapena kalata ya kuntchito, ndipo imbirani mwini nyumba wake wakale. Kufufuza kulikonse kumafuna chilolezo chake cholembedwa.

Makope a mapasipotiwo akakhala m'manja mwanu, POPIA, lamulo loteteza zinsinsi za anthu, yakukhudzani, ndipo ikugwira ntchito mokwanira kuyambira pa 1 Julayi 2021. Tengani zofunika zokha, za amene simunawapatse chipinda zifufuteni, ndipo funsani a pulogalamuwo kuti zinthuzo amazisunga dziko liti. Ngati ndi Google Sheets, musaitsegule kwa aliyense amene ali ndi link. Ndipo chonde, mndandanda wa angongole musamauponye pa gulu la WhatsApp la pa puloti. Aliyense sitetimenti yake payekha.

Za nyumba ya achimwene, imani kaye. Kuyendetsa nyumba zanu sikufuna chiphaso. Kutolera lendi ya munthu wina molipidwa kumakusandutsani property practitioner (ejenti wa nyumba) pansi pa Property Practitioners Act ya 2019, imene inayamba kugwira ntchito pa 1 Febuluwale 2022. Pamenepo pamafunika kulembetsa ku PPRA (bungwe loyang'anira maejenti a nyumba), kukhala ndi chiphaso chotchedwa Fidelity Fund Certificate, ndipo ndalama za eni ake zimakhala mu trust account. Wopanda chiphasochi lamulo silimulola kulandira malipiro a ntchitoyo. Kukhala pachibale sikukuchotsani m'lamuloli ngati pali malipiro. Chapafupi n'choti lendi izilowa mu akaunti ya achimwene anuwo, mgwirizano ukhale m'dzina lawo, kapena apeze ejenti wolembetsedwa. Ndalama zawo zisakhudze akaunti yanu ya lendi ngakhale tsiku limodzi.

aChisale_Malvern

Pa za zikumbutso ndavomera, aNgozo, ngakhale kalendala ya pa foni imagwiranso ntchito imeneyo ngati madeti onse alowetsedwa tsiku losainirana. Kwa amene amaiwalaiwala, kulipira pulogalamu kuli bwino.

Chatsala ndi SARS, bungwe lotolera misonkho, ndipo apa pamaoneka ngati pulogalamu ndi ya kuno kapena ayi. Chaka cha msonkho cha munthu wamba chimayamba pa 1 Malichi n'kutha kumapeto kwa Febuluwale. Lipoti lake lizilola kusankha madeti amenewa, osati Januwale mpaka Disembala yekha. Lendi imalembedwa pa ITR12, fomu ya msonkho ya pachaka. Zochotsa zake ndi ma rates (msonkho wa nyumba wa ku masipala), ma levy (zopereka ku body corporate) a fulati ya ku Berea ija, inshulansi, kutsatsa, zokonzetsa, ndi chiwongoladzanja cha bond, ngongole ya ku banki yogulira nyumba. Chiwongoladzanja chokha, osati ndalama yonse imene banki imadula pamwezi. Pulogalamu yongolemba "bond R7,000" ngati chowonongedwa chimodzi ikunamizani. Isiyanitsenso kukonza ndi kuwonjezera: kusintha malata odontha ndi kukonza, kumanga chipinda cha nambala 7 ndi kuwonjezera, ndipo chimenecho sichichotsedwa ngati zokonzetsa za chaka chimenecho. Malisiti amasungidwa zaka 5. Aja a ku hardware amafufutika pakapita miyezi, ndiye ajambuleni tsiku lomwelo n'kuwamata pa mzere wake.

Ndi zitseko 8, phindu lanu mosakayika lidutsa R30,000 pachaka, choncho konzekerani provisional tax (msonkho wolipiriratu), pa fomu ya IRP6, kumapeto kwa Ogasiti ndi kumapeto kwa Febuluwale. Lendi ya nyumba yogona ilibe VAT. Pulogalamu ina imaika yokha 15% pa invoisi, ndiye zimitsani musanatumize yoyamba.

Chitseko chilichonse chikhale ndi lipoti lake la zolowa ndi zotuluka. Fulati ikhoza kuoneka ngati ndiyo yobweretsa zambiri, koma mukachotsa levy, rates ndi special levy ya lifiti kapena denga, mupeza kuti zipinda za kuseri ndi zimene zikuinyamula.

Musanasaine funsani za kutuluka. Mukasiya kulipira, kodi mutha kutsitsa leja yonse mu CSV, ndi mapepala ndi zithunzi zonse? Yesani kutsitsako nthawi ya kuyesa kwaulere isanathe. Ngongole ya lendi imatha mphamvu pakapita zaka 3, ndipo Small Claims Court (khoti la milandu ya ndalama zochepa), imene malire ake anaikidwa pa R20,000 mu 2019, ifuna kuona mbiri yonse ya munthu amene anasamuka kale. Mapulogalamu ena tenanti akachotsedwa mbiri yake imabisika, kapena amapitiriza kukulipiritsani ngati akadalipo.

Kusamuka kuchoka mu hadikava chitani pa 1 wa mwezi, ndipo kukatheka pa 1 Malichi kuti chaka cha msonkho chisagawike pawiri. Musalowetse zaka zonse zakale. Khalani pansi ndi tenanti aliyense, gwirizanani ngongole yake ndi dipoziti yake pa tsikulo, asaine, manambala amenewo ndiwo akhale poyambira. Miyezi iwiri yoyamba lembani konse, m'buku ndi mu pulogalamu, ndipo pa 7 wa mwezi fananizani ndalama yonse yolowa ndi sitetimenti ya banki. Zikasiyana ngakhale ndi R50, isakeni mpaka ipezeke mwezi womwewo. Hadikava uja musamutaye, muli mbiri ya zaka zimene SARS ikhozabe kufunsa.